PG-300 ikuleka kugwira ndikadutsira pa Cubase

Woyimba kiyibodi: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndili ndi kiyibodi ya Alpha Juno 2 ndi PG-300 yake, kabokosi ka ma slider kosinthira mawu a kiyibodiyo. Ndikalumikiza PG-300 molunjika pa MIDI IN ya Juno, ma slider onse akugwira bwinobwino. Koma ndikangodutsira pa kompyuta, mu pulogalamu yojambulira nyimbo ya Cubase, manotsi akulira, filter zii, ngakhale ndikankhe slider ya filter yotchedwa cutoff mpaka kumapeto. Mwini nyimbo akubwera Loweruka.

Wa studio: Achimwene, PG imeneyo si ili ndi chingwe chakechake cha mapini 6? Ikufunanji pa kompyuta?

Mkonzi: Imeneyo ndi PG-800 ya JX-8P, bwana. PG-300 imayankhula pa MIDI, koma situmiza ma CC (mauthenga wamba a MIDI osinthira mawu) ngati ma controller amakonowa. Imatumiza SysEx, mauthenga apadera a MIDI opangidwira chida cha mtundu umodzi. Ndiye chinthu chilichonse panjira chomwe sichilola SysEx chimameza uthengawo, manotsi n'kumadutsa okha. Poti molunjika zikugwira, ndiye kuti Exclusive, yomwe imalola SysEx pa Juno, ndi yoyatsa kale, musavutike nayo. Mu Cubase, lowani mu Preferences, MIDI, kenako MIDI Filter. Paja pamenepo kachongi kamatanthauza kutsekereza, osati kulola. Chotsani kachongi ka SysEx pa Record ndi pa Thru pomwe.

Woyimba kiyibodi: Ndachotsa. Tsopano ikuyankha, koma modumphadumpha, pena kuleka osayankha n'komwe.

Mkonzi: Mukugwiritsa interface yanji polumikiza MIDI ku kompyuta?

Woyimba kiyibodi: Kachingwe ka USB kaja kotchipa, kopanda dzina.

Mkonzi: Basi ndi kameneko. Timeneto manotsi timanyamula, koma SysEx timaidula pakati. Uthenga wa slider imodzi ndi ma byte 10, kuyambira F0 mpaka F7, ndipo ikasowa byte imodzi yokha Juno imangoutaya wonse. Ngati sound card yanu ili ndi MIDI kumbuyo, dutsirani pamenepo. Apo ayi bwerekani interface yeniyeni.

Wa studio: Ndili nayo yongokhala mu kabati, mudzatenge madzulo. Koma mdala, bwanji osangojambula audio akusewera ma slider ndi manja? Nkhani n'kutha.

Mkonzi: Pa ntchito ya Loweruka, inenso ndingatero. MIDI imayenda ma bit 31,250 pa sekondi, ndiye uthenga uliwonse wa slider umadya mamilisekondi opitirira pang'ono 3. Mukakoka ma slider awiri nthawi imodzi, bass ikuthamanga pa chingwe chomwecho, manotsi amayamba kuchedwa. Ngati mukufunabe SysEx, ijambuleni pa track yakeyake, mukoke slider imodzi nthawi imodzi. Musaiwalenso kuti channel imalembedwa m'kati mwa uthenga wa SysEx momwemo. Kusintha channel ya track mu Cubase sikuisintha, ndiye PG-300 ndi Juno zikhale pa channel imodzi musanajambule.

Woyimba kiyibodi: Kumbuyo kwa sound card kulidi MIDI, ndinali ndisanaigwiritsepo. Ndasamutsa zingwe, cutoff ikuyenda mosalala tsopano. Kungoti ndikangokhudza slider, mawu akulumpha kaye.

Mkonzi: Limenelo si vuto, ma slider sadziwa zomwe zili mu patch, mawu osungidwa mu Juno aja. Yambani mwaikankha slider mpaka pomwe mawu akumveka ngati a patch yanu, kenako dinani record.