Zithunzi zakale za m'tchalitchi zija ankalipira ndani?

Wa ku Chibavi:
Abale ndithandizeni. Pa kalendala ya kwathu pali chithunzi cha Yesu akumutsitsa pamtanda, kumbuyo mdima bii koma thupi lake likuwala, pansi alemba kuti Rubens. Ankajambula bwanji zoterezi, nanga ndalama zake ankapereka ndi Papa kapena?

Aphunzitsi a ku Luwinga:
Papa ayi achimwene. Chimenecho chili mu tchalitchi chachikulu cha ku Antwerp ku Belgium, anachijambula pakati pa 1611 ndi 1614, ndipo analipira ndi bungwe la anthu a mfuti la mumzindamo lomwe linali ndi guwa lakelake m'tchalitchimo. Nyengo imeneyo amaitcha Baroque. Mu 1566 Apulotesitanti ena anaphwanya zithunzi zambiri ku Antwerp komweko, pomwe Akatolika pa msonkhano wa ku Trent womwe unatha mu 1563 anali atanenetsa kuti zithunzi zikhalebe zizithandiza kuphunzitsa anthu, ndiye ntchito inachuluka heve. Makadinala, ansembe a Jesuit, mabanja olemera, onse ankaoda, ndipo ankasainirana kontirakiti yonena zoti ajambule chani, kukula kwake, mtengo ndi tsiku lomaliza.

Wolemba zikwangwani mtauni:
Ine chimandisangalatsa ndi penti yake. Kunalibe zokagula chitini ku hadiweya, anyamata ophunzira ntchito ankapera okha miyala ndi dothi pamwala mpaka ufa nkusakaniza ndi mafuta a njere za fulakesi. Amachedwa kuuma mafuta amenewa, ndiye umapaka pang'ono, udikire, upakenso pamwamba mopyapyala, kuwala mukukuonako kumachokera pamenepo. Buluu wabwino ankachokera ku mwala wa lapis lazuli wa ku Afghanistan, wodula koopsa, nchifukwa chake kawirikawiri ankamusungira chovala cha Maria. Ndi chinyezi cha Mzuzu chino kaya bwenzi zikuuma liti kkkk. Komanso Rubens sankapaka yekha zonse, anali ndi gulu la omuthandiza, wojambula wina wotchuka Van Dyck anadutsa momwemo, iye ankajambula kachitsanzo kakang'ono nkudzamalizitsa pomaliza.

Mayi a ku Katoto:
Musaiwale kuti eni tchalitchi ankathanso kukana chithunzi. Wojambula wina dzina lake Caravaggio ku Rome anajambula imfa ya Maria, ansembe a Carmelite omwe chinkayenera kukhala m'tchalitchi mwawo anachikana chifukwa Maria ankaoneka ngati mtembo wa mayi wamba, wotupa, mapazi ali pamtunda. Rubens yemweyo ndi amene analangiza Duke, wolamulira wa ku Mantua ku Italy, kuti achigule, pano chili ku nyumba yosungiramo zithunzi ndi zakale ya Louvre ku Paris. Ine ndimaona kuti ansembewo analakwitsa, ife amene timasambitsa maliro timadziwa mmene munthu amaonekera akatisiya.

Wa ku Chibavi:
Zikomo nonse. Ine ndimayesa ndi mpingo wokha. Nanga kuno alipo amajambula za m'tchalitchi pa oda?

Aphunzitsi a ku Luwinga:
Yambani ndi ku Mua ku Dedza, ku malo a zaluso ndi chikhalidwe a KuNgoni omwe anayambitsa Bambo Claude Boucher mu 1976. Kumeneko zambiri ndi zosema, koma nkhani za m'Baibulo amazipanga ndi nkhope zathu zomwe.