Za funso langa la JOIN lija, zatheka tsopano

Abale, sabata yatha ndinafunsa za database ya gulu lathu lothandizana pa maliro kuno ku Mbare mu Harare, ija ili mu MySQL, pulogalamu yosungira ma database. Muli matebulo awiri, mamembala ndi zopereka, amene ndimawalumikiza ndi JOIN, ndipo ndikafuna mndandanda wa Malichi anthu osapereka samaoneka, chonsecho ndi omwewo alembi athu akufuna kuwakumbutsa.

Achimwene amene munati ndisiye INNER JOIN ndiike LEFT JOIN, zikomo kwambiri, munanena zoona, INNER imangotulutsa munthu amene nambala yake ya umembala ili m'matebulo onse awiri, pamene LEFT imatulutsa mamembala onse ngakhale osapereka. Koma nditasintha anthu aja anasowabe! Ndinakhala pa laputopu mpaka usiku ndithu kenako ndinaona kuti mwezi ndinaulemba mu WHERE, gawo losefa zotsatira, ndiye munthu wosapereka mwezi wake umakhala NULL, kutanthauza kuti palibe kanthu, ndipo WHERE imangomutaya ngati kuti LEFT ija palibe. Ndinausuntha nkuuika mu ON, gawo lonena mmene matebulo alumikizirane, chonchi:

LEFT JOIN zopereka z ON z.membala_id = m.id AND z.mwezi = 3

Onse anatuluka, mtima unakhala pansi.

China chinali cha amayi ena opereka pang'onopang'ono, $2 lero $3 sabata yamawa, dzina lawo limabwera kawiri. Apo GROUP BY m.id (kuika mizere ya munthu mmodzi pamodzi) ndi SUM (kuphatikiza ndalama zake) zinathandiza, ndinawonjezera COALESCE kuti wosapereka aziona 0 osati NULL, pakuti alembi mawu amenewo amawasokoneza.

Chatsala nchakuti ena amapereka ma ZiG, ndalama ya kuno ku Zimbabwe, ena madola, SUM ikuphatikiza zonse pamodzi. Kodi ndiike column ya mtundu wa ndalama mu zopereka momwemo?