Kodi ndikawakhululukira alamu anga, ndiye kuti za nyumba ndizitaye?

Mayi wa ku Chibavi:
Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndikupempha nzeru. Amuna anga atamwalira zaka zinayi zapitazo, achimwene awo anabwera ndi lole tisanasese n'komwe, natenga mipando, firiji, makina anga osokera ndiponso mapepala a nyumba imene tinamanga limodzi ku Zolozolo, moti lero ndikukhala nyumba ya lendi ndi ana atatu. Alamu angawo tsopano akudwala kwambiri ndipo atumiza uthenga kudzera mwa akazi awo kuti ndikawaone. Lamulungu likubwerali kuli Mgonero kumpingo kwathu, koma ndikafika pa mawu a m'Pemphero la Ambuye onena za kukhululukira otilakwira, pakamwa pamandiuma. Kodi ndikawakhululukira, ndiye kuti za nyumba ndizitaye?

Mkulu wa mpingo, Katawa:
Pepani kwambiri mayi. Kukhululuka ndi kutaya cholowa cha ana ndi nkhani ziwiri, ndipo atsogolerife timalakwa tikamaziphatikiza pofuna kuti mlandu uthe msanga. Petro atafunsa ngati kasanu ndi kawiri n'kokwanira, Yesu anamuyankha ndi chiwerengero chosonyeza kuti kukhululuka sikuwerengedwa (Mateyu 18:21-22), choncho chofunika kutaya ndi mtima wofuna kuti alamu anu aone zowawa. Koma kumbukiraninso Zakeyu pa Luka 19:8, amene sanangopepesa pakamwa, analonjeza kubweza kanayi kwa aliyense amene anamulanda kanthu. Nyumbayo ndi ya ana amasiye, ndipo lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wotere ndi mlandu. Pitani mukawaone, mutenge mkulu mmodzi kapena awiri monga mboni, ndipo mukatha kupemphera nawo mutchule za mapepalawo mwaulemu koma mosapsatira.

Mlongo wa ku Luwinga:
Abambo a ku Katawa, ndikugwirizana nanu pa zambiri, komabe pa Luka 17:3 Yesu anati m'bale akachimwa umudzudzule, ndipo akalapa umukhululukire. Kodi munthuyu walapa, kapena akungoopa manda? Ine zinandichitikirapo zofanana ndi zimenezi, ndipo chimene chinandipweteka koposa ndi amayi anzanga a kumvano amene ankandiumiriza kugwirana chanza ndi wondilakwira bala likadali laliwisi, ngati kuti wolakwa ndinali ine chifukwa cholira.

Mphunzitsi wopuma, Mchengautuba:
Mayi a ku Luwinga, funso lanu ndi loyenera, koma pamtanda Yesu anapempherera omukhomera asanapepese ndi mmodzi yemwe (Luka 23:34). Ine ndimaona kuti kulapa kumafunika kuti ubale ubwerere mwakale, pamene kumasula munthu mumtima kungathe kutsogola. Papa Yohane Paulo Wachiwiri, yemwe uja anadzacheza kuno ku Malawi mu 1989, anawomberedwa ndi mfuti pa 13 May 1981 ku Rome, ndipo pasanathe sabata ananena poyera kuti wamukhululukira Mehmet Ali Ağca, munthu amene anamuwomberayo. Mu 1983 anakamuona kundende nakhala naye pansi kucheza, koma Ağca anakhalabe m'ndende ya ku Italy mpaka 2000. Chikhululukiro chinaperekedwa, mlandu nawo unayenda m'njira yake. Za Mgonero, mayi a ku Chibavi, kambiranani ndi abusa anu Lamulungu lisanafike, chifukwa munthu amene akulimbana ndi mkwiyo wake ndi wosiyana ndi amene akuusunga dala.

Mayi wa ku Chibavi:
Zikomo nonse. Ndalankhula ndi akulu awiri a m'dera lathu ndipo avomera kundiperekeza Lachisanu masana. Ndiphika phala la mgaiwa lothira nsinjiro, chifukwa ndikukumbuka kuti alamuwo ankalikonda akabwera kudzacheza malemu akadali moyo. Mwana wanga woyamba wakana kupita nawo, ndipo sindimukakamiza.