Kodi sukulu yophunzitsa kusambira pansi pa madzi ingayendetsedwe kuchokera ku Kasungu?

Phiri wa ku Chulu, Kasungu

Ndikupereka moni kwa nonse. Ndinagwirapo ntchito pa malo ena ogona alendo m'mbali mwa nyanja ya Malawi, kumene ndinaphunzira kutsika pansi pa madzi nditabereka silinda ya mpweya, mpaka ndinalandira setifiketi ya Divemaster ya PADI, bungwe lapadziko lonse loona za maphunziro osambira pansi pa madzi. Panopa ndili kwathu kuno ku Kasungu, ndipo ndalama zimene ndasunga pa ulimi wa fodya ndikufuna kuziika pa sukulu yaing'ono yophunzitsa luso limeneli, makamaka mbali yokaona sitima ndi mabwato amene anamira. Maganizo anga ndi akuti maphunziro a m'kalasi ndi oyambirira a m'madzi azichitikira kuno, mwina pa damu la Chitete, kenako Loweruka m'mawa ndizinyamula ophunzira pa msewu wa M18 kupita ku Nkhotakota n'kubwerera madzulo ake. Amene mukuidziwa ntchito imeneyi, chonde ndiunikireni ndisanagule chipangizo chilichonse.

Mayi Nabanda, Salima

Achimwene a Phiri, ine ndinasungapo mabuku a ndalama pa sukulu yotere, choncho ndiyankhula za malonda ake. Setifiketi ya Divemaster imakulolani kutsogolera anthu ophunzira kale ndi kuthandiza mphunzitsi, koma siikupatsani mphamvu yophunzitsa munthu watsopano n'kumupatsa setifiketi. Mufunika kufika pa Instructor, kutanthauza mphunzitsi wovomerezeka, zimene ku PADI zimafuna kuti mukhale mutatsikapo maulendo 100 olembedwa m'buku lanu, muchite maphunziro a uphunzitsi ndi kupambana mayeso ake, ndipo kuti muziphunzitsa za sitima zomira pamafunikanso chilolezo china pamwamba pa chimenecho.

Nkhani yaikulu kwa ine ndi yakuti nyanja yathu ilibe zombo zambiri zomira pamalo amene munthu angafikepo. Chimene ambiri amapitako ndi bwato lachitsulo limene linamizidwa dala pafupi ndi chilumba cha Thumbi ku Cape Maclear, ndipo lili pa mamita pafupifupi 30. Wophunzira watsopano wa Open Water, sitepe yoyamba ya maphunzirowa, saloledwa kupitirira mamita 18, kotero kuti akafike pa bwatolo ayenera kuyamba wachita sitepe yotsatira ya Advanced, ndipo maphunziro enieni a zombo zomira, otchedwa Wreck Diver, amafuna maulendo anayi otsika komanso munthu wa zaka zosachepera 15. Mukawerenga anthu a ku Kasungu amene angalipire masitepe onsewo, mupeza kuti ndi ochepa kwambiri. Sukulu za ku Nkhata Bay, Kande ndi Cape Maclear zimadyera maphunziro a oyamba kumene ndi alendo ofuna kuona mbuna m'miyala. Bwato lomira limangokhala ndiwo yowonjezera, nsima yake ndi imeneyo.

Musaiwalenso kuti kompuresa yodzazira mpweya m'masilinda, masilindawo ndi ma regulator (zipangizo zopumira mpweya wa m'silinda) zonse zimachokera kunja ndipo zimafuna ndalama zakunja, silinda iliyonse imayenera kuyang'anidwa mkati chaka ndi chaka, ndipo m'miyezi ya mwera pamakhala masiku amene bwato silinganyamuke pomwe malipiro a antchito akudikira.

Zulu, wa zachipatala, Mchinji

Bambo Phiri, pa zonse zimene mwalemba, chimene chandidetsa nkhawa ndi mawu akuti "n'kubwerera madzulo ake". Munthu akakhala pansi pa madzi, mpweya wa naitirojeni umalowa wambiri m'magazi ndi m'minofu chifukwa cha kupanikiza kwa madzi, ndipo akatuluka umafuna maola ambiri kuti uchoke pang'onopang'ono kudzera m'mapapo. Akakwera msanga kumalo okwera, kumene mpweya sumapanikiza kwambiri, naitirojeni uja amapanga tithovu m'thupi, ndipo zotsatira zake ndi kuphwanya kwa mfundo, dzanzi, chizungulire, mwinanso kufa ziwalo. N'chifukwa chake pali lamulo lakuti munthu asakwere ndege pasanathe maola 12 atatsika kamodzi, kapena maola 18 atatsika kangapo. Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 470 pamwamba pa nyanja yamchere, pomwe Kasungu, monganso Mchinji, ili kupitirira mamita 1,000. Galimoto yochoka ku Nkhotakota imakwera mtunda wonsewo m'maola ochepa, ndipo ngozi yake ndi ya mtundu womwewo ngakhale kuti siifika pa ya ndege. Ophunzira anu ayenera kugona kunyanja komweko, ndipo mtengo wa malo ogona muuike m'chindalama cha maphunziro.

Kukwera kwa nyanja yeniyeniyo nakonso kumasintha masamu. Matebulo oonetsa nthawi imene munthu angakhale pansi pa madzi anapangidwira malo osapitirira mamita 300 pamwamba pa nyanja yamchere, choncho mphindi 20 zimene tebulo la PADI limalola pa mamita 30 zimachepa pa nyanja yathu, ndipo kompyuta ya padzanja yowerengera kuya ndi nthawi iyenera kukhala yodziwa zimenezi. Pakuya kwa mamita 30 munthu amamaliza mpweya mofulumira kanayi kuposa ali pamwamba.

Za damu la Chitete ndingoti musiye. Madzi ake ndi amene anthu a m'tauni amamwa, ndi a matope moti mphunzitsi sangaone nkhope ya wophunzira, ndipo madzi odikha otere ndi amene timaopa likodzo. Funani dziwe losambiramo loyera. M'bwato musasowe silinda ya okosijeni, kompuresa izikokera mpweya kutali ndi utsi wa injini, ndipo mulankhule ndi a DAN Southern Africa, bungwe lothandiza osambira pansi pa madzi pa ngozi, za inshuwalansi ndi za njira yonyamulira wodwala musanalandire wophunzira woyamba.

Agogo Mwale, Santhe

Mwanawe Phiri, popeza watchula sitima zomira, anthu adzakufunsa za Vipya, choncho uyambe kuganizira yankho lake. Sitima imeneyo inamira pa 30 July 1946 kumpoto, cha ku Florence Bay (Chitimba), mphepo itakula, ndipo anthu 145 anafera momwemo. Nyanja ya kumpoto ndi yakuya kwambiri, malo ena kupitirira mamita 700, pomwe malire a anthu osambira mongosangalala ndi mamita 40. Koma ngakhale sitima yotere ikanakhala pafupi, amenewo ndi manda a abale a anthu, ndipo ine sindingakondwe kuona malonda akuchitikira pamenepo. Dziko lathu lilinso ndi lamulo loteteza zinthu zakale, la Monuments and Relics Act, choncho wophunzira aziuzidwa tsiku loyamba kuti sachotsa kanthu pa chombo chomira.

Ndikusiyana pang'ono ndi Mayi Nabanda pa mfundo yakuti zombo n'zochepa. Ngati bwato la ku Thumbi linamizidwa ndi anthu, lina likhozanso kumizidwa pamalo osaya, pa mamita 15 kapena 16, kumene wophunzira watsopano angalizungulire kunja. Pangafunike kulichotsa mafuta ndi zonse zoipitsa madzi, kupempha chilolezo kwa a zachilengedwe ndi a zamaulendo apamadzi, komanso kumvana ndi mafumu ndi asodzi, chifukwa chitsulo chogona pansi chimang'amba maukonde.

Phiri wa ku Chulu, Kasungu

Zikomo kwambiri nonse. Za kugona kunyanja ndazimva ndipo sindikutsutsa. Funso latsala ndi ili: ngati bwato lingamizidwe pamalo osaya monga akunenera Agogo, kodi ophunzira angamalowe mkati mwake, ndipo kodi gombe la Nkhotakota ndi loyenera?

Mayi Nabanda, Salima

Kuchepa kwa kuya sikuchotsa ngozi ya mkati, achimwene, chifukwa munthu akalowa m'chombo pamutu pake pamakhala denga ndipo sangathawire pamwamba zinthu zikavuta. Mwendo umodzi ukavundula matope, njira yotulukira imasowa ngakhale tochi ikuyaka. Wolowa ayenera kukhala wophunzira za Wreck Diver, amange chingwe kuchokera pakhomo, asapitirire pamene kuwala kwa kunja kukuonekera, ndipo kuya kwa madzi kuphatikiza mtunda umene walowa zisapose mamita 40. Mpweya amaugawa patatu, wolowera, wotulukira ndi wosunga.

Gombe la Nkhotakota lili ndi mchenga wambiri ndipo mitsinje monga Bua imathira matope m'nyengo ya dzinja, pomwe ng'ona sizisowa pa mathiriro ake. Mbuna zimene alendo amalipirira zimakhala m'miyala. Ndikanakhala inu ndikanachita kaye maphunziro a Instructor, kenako n'kumvana ndi sukulu imene ili kale ndi kompuresa ndi bwato ku Nkhata Bay kapena ku Cape Maclear, kuti inu muziphunzitsa za m'kalasi ku Kasungu n'kumapititsa ophunzira kumeneko pogawana ndalama. Mukasankha Cape Maclear, muwerengerenso ndalama yolowera m'paki, popeza zilumba za kumeneko zili m'manja mwa Lake Malawi National Park.