Chipata mpaka Lusaka panjinga pagulu, tsiku limayenda bwanji?

NaBanda wa ku Kapata

Muli bwanji nonse. Funso langa likupita kwa amene munayendako ulendo wautali wa panjinga pagulu. Ife achinyamata a kutchalitchi kwathu tapangana kuti mu July tichove kuchoka kuno ku Chipata mpaka ku Lusaka, tipeze ndalama zomalizira nyumba yodikiriramo azimayi apakati pakiliniki ya kumudzi kwa amayi anga. Makoma anaima kale koma malata, zitseko ndi simenti ya pansi kulibe, ndiye azimayi akumagona pakhonde akamadikira tsiku lawo, ine ndinaona ndekha mu December mvula ikuwombera mpaka pamphasa zawo. Tilipo 14, atsikana tili atatu chabe.

Njinga ndimachova tsiku lililonse koma kutali komwe ndinafikako ndi ku Mtenguleni nthawi ya Nc'wala basi. Za mapiri aliyense akundiopseza nazo kale, zimenezo ndamva. Chomwe ndikufuna kudziwa ndi tsiku lenilenilo, mumadzuka nthawi yanji, mumadya chani, mumagona kuti, nanga kusamba ndi kuchapa? Amayi akuti mwana wamkazi sangagone m'njira sabata yonse, ndikufuna ndikawayankhe zoona osati zongoganiza.

aPhiri a ku Katete

Mwana wanga mwachita bwino kufunsa. Ife tinayenda msewu womwewu wa Great East, tinali 11, ndipo tinatenga masiku 8. Mtundawo ndi pafupifupi makilomita 570 ndiye musamvere anyamata amene azikuuzani kuti masiku anayi takafika, pagulu simuyenda ndi mphamvu za wothamanga, mumayenda ndi mphamvu za amene ali kumbuyo kwenikweni.

Tsiku limayamba 04:30. Mu July kumazizira zoopsa, zala zimauma moti buleki kuigwira kumavuta, ena tinkavala masokosi m'manja. Woyamba kudzuka amayatsa mbaula, phala lothira nshawa ndi tiyi, aliyense apinde bulangete lake aponye m'galimoto yotiperekeza, kenako pemphero, koma osanyamuka kusanayere. Mabasi a ku Lusaka amanyamuka m'bandakucha ndipo amathamanga, munthu wa panjinga mumdima samuona msanga. Kukangoyera ndiye mwayamba, mzere umodzi m'mphepete, osati awiri awiri mukucheza. Wa kumbuyo tinamupatsa wezulo, akaimba kamodzi ndiye kuti kukubwera thiraki, akaimba kawiri tonse taima wina waponcha.

Makilomita ambiri muwadye m'mawa. Ikamakwana 11 mukhale mutapita kale patali chifukwa dzuwa likakwera miyendo imalemera. Masana ife tinalakwitsa tsiku loyamba, tinadya nsima yambiri ndi nyemba, titakwera njinga aliyense tulo, ena m'mimba kupota. Kuyambira pamenepo masana tinkangodya kandolo wophika, nthochi, nshawa zokazinga ndi thobwa, pang'ono pang'ono koma pafupipafupi, nsima yeniyeni madzulo. Pa Nyimba mugule nthochi zambiri, pamenepo ndiye kwawo kwa nthochi ndipo kutsogoloko malo ogula zinthu amatalikirana.

Tinkayesetsa kufika pogona isanakwane 16. Ukafika usathamangire kukhala pansi, yamba waona njinga, matayala, tcheni, masipoko, chifukwa ukasiya kuti uone m'mawa uchedwetsa anzako onse. Tinkagona m'makalasi ndi m'matchalitchi, kukankhira madesiki kukhoma n'kuyala mphasa. Koma izi mukonzeretu, wina apite kapena aimbe foni kwa ahedi ndi abusa mwezi usanafike, musangotulukira anthu 14 madzulo. Mukafika pamudzi kaperekeni moni kwa anyakwawa, ndipo kupolisi mukadziwitse musananyamuke, kalata yake imathandiza pamarodibuloko.

Tsiku lowawa si loyamba, ndi lachitatu. Chisangalalo chatha, matako atupa, Lusaka akadali kutali, ndiye anthu amayamba kuyankhana mokalipa pa zinthu zazing'ono ngati ndani wamaliza shuga. Likadutsa limenelo thupi limazolowera.

Mayi wa awiri, Petauke

Asisi ine ndinayendako ulendo ngati umenewu ndipo ndikuuzani za ife azimayi zomwe abambo sangakuuzeni. Chitenje pochova ayi, chimakodwa mutcheni, mnzanga anagwa nacho pamaso panga tisanafike ndi pa Sinda pomwe. Valani thirauzi kapena taiti, chitenje chikhale pakaliyala, mukangoima pamudzi kapena patchalitchi mwamanga pamwamba, palibe amene angakunyozeni. Zamkati zikhale zopanda msoko wokhuthala, ndipo Vaseline mudzole m'mawa musanakwere osati podikira kuti pasupuke kaye. Madzulo aliwonse chapani zomwe munavala olo mutatopa bwanji, mukavala za thukuta la dzulo zilonda sizichedwa. Ife tinamanga chingwe m'galimoto zinkauma tikuyenda. Mapadi tengani okwanira olo masiku anu asanayandikire, thupi likatopa limasintha.

Kusamba ndi kubowa, ndowa imodzi kuseri kwa kalasi, wina akugwirira chitenje. Atsikana mupemphe chipinda chanu, ndipo ngati pali mayi wamkulu wa kumpingo amene angakwere galimoto yoperekeza, amayi anu mtima ukhala pansi.

Koma chomwe chinandipweteka ine ndi ichi, ndipo mukachikane musananyamuke. Tachova tonse mtunda umodzi, tafika, anyamata agona chagada pa udzu akuti asisi madzi, asisi nsima ipsa liti. Masiku awiri tinapirira, lachitatu ndinalira ndili pamoto miyendo ikunjenjemera. Tinakhala pansi usiku womwewo n'kugawana, lero atatu awa aphika, mawa ena, kutunga madzi chimodzimodzi, mwamuna kapena mkazi. Lembani zimenezi papepala mukadali ku Chipata.

Sindikukuopsezani ayi, pitani. Kufupi ndi Kacholola tinaima pamjigo kutunga madzi, agogo ena anafunsa kuti ana inu mukuthawa chani, titawafotokozera anakhala kaye chete, kenako anamasula mfundo ya pakona ya chitenje, anatulutsa K5 yopindapinda n'kundiika m'manja, anagwira dzanja langa ndi manja awo onse awiri osalisiya. Mpaka lero ndikamakwera phiri ndimakumbuka manja amenewo, anali ozizira ndi madzi a pamjigo.

Wokonza njinga pa Lundazi Road

Ine ulendowo sindinayende koma njinga zobwera kuchokera m'maulendo otere zimafikira kwa ine. Musagule njinga yatsopano kapena chishalo chatsopano sabata yonyamuka, pitani ndi chomwe thupi lanu linazolowera. Njinga ya Buffalo ndi yolimba, siivuta, koma ndi yolemera ndipo ya giya imodzi, ndiye mapiri a pakati pa Nyimba ndi Luangwa Bridge ndi aja okwera kupita ku Rufunsa muzikankha, musachite nazo manyazi. Za magiya za salaula zimakwera bwino koma ikathyoka direla, kachitsulo kosinthira magiya, kumeneko sipeya simuipeza. Akuluakulu athu ankayenda mitunda imeneyi pa Eagle ya ku Luangwa Industries konkuno ku Chipata, giya imodzi yomweyo.

Choopsa ndi kutsika osati kukwera. Potsikira ku mlatho pali makona, mathiraki nawo akulimbana ndi mabuleki awo, ndiye siyanani mpata waukulu, buleki muzigwira n'kusiya, mukaikanikiza njira yonse imatentha. Aliyense akhale ndi chubu chapadera, mapatchi ndi solushoni, pagulu mapampu awiri, masipoko, ma buleki shu, sipanala 15 ndi kabotolo ka oilo. Bweretsani zonse 14 kwa wokonza aliyense amene mumamukhulupirira kutatsala milungu iwiri.

Jere wa ku Mchini

Pepani ine ndifunse mosiyana. Mwawerengera kuti ulendowu udya zingati? Mafuta a galimoto kupita ndi kubwera, chakudya cha anthu 14 sabata yonse, basi yobwerera ndi kulipirira njinga pabasi. Ndalama imeneyo bwanji osangogula malata? Ine ndinaperekako pa ulendo wina wotere, anthu anapita anajambulitsa zithunzi pa Facebook, pobwera akuti zambiri zinathera m'njira, chomwe ankafuna kumanga mpaka lero sichinaoneke. Sindikunena kuti inu mudzatero koma zinandiwawa.

aPhiri a ku Katete

AJere funso lanu ndi loona ndipo NaBanda alimve. Ife tinachita matumba awiri. La ulendo tinasonkha tokha okwera ndi mabanja athu, ufa, nyemba, nshawa zinachokera m'nyumba zathu, galimoto anatibwereka munthu wa mumpingo ife tinangothira mafuta. La chithandizo palibe anakhudza olo ngwee imodzi, olo tsiku lomwe shuga anatithera. Msungichuma anali ndi buku, madzulo aliwonse tikatha kudya ankawerenga mokweza zomwe zalowa tsikulo, za m'manja ndi za pa mobile money, wina n'kusaina. Chifukwa chake sitinangogula malata n'choti ndalama ya malatayo tinalibe, anthu amene anapereka ambiri ndi oti sakanamva n'komwe za nkhani yathu tikanakhala pakhomo, a m'misika, madalaivala, mipingo ya m'njira ndi abale okhala ku Lusaka.

Ndinaiwala za madzi. Ku Luangwa kumatentha olo mu July, mumanyamuka mutavala juzi pofika kumlatho mukufuna kuvula zonse. Aliyense mabotolo awiri, zigubu m'galimoto muzidzaza pamjigo uliwonse ndipo muthire klorini. Tengani mapaketi a ORS, akatha sungunulani masupuni ang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino. Wina akayamba mutu, chizungulire kapena kusiya kutuluka thukuta, akwere galimoto osakambirana. Maneti a udzudzu musasiye, kuchigwa kuja udzudzu ulipo.

NaBanda wa ku Kapata

Zikomo kwambiri nonse, ndawerengera amayi zonse kuyambira pamwamba. Pa za agogo a ku Kacholola anapukuta misozi, pa za kuphika anati ameneyo wanena zoona. Sanavomere kwenikweni koma afunsa kuti mayi wamkulu amene akwere galimotoyo ndi ndani, ndiye mawa ndikukaonana ndi amayi a chigwirizano. AJere za matumba awiri ndikazinena pamsonkhano wa Lachisanu, pano tinali ndi thumba limodzi chabe ndipo buku kulibe.

Loweruka likubwerali tagwirizana kuyesa Chipata mpaka Katete, tikagone konko tibwerere Sande tikatuluka mutchalitchi. APhiri ngati muli pafupi tingakonde mudzationeko madzulo. Funso lina laling'ono, mafoni munkatchaja bwanji m'masukulu opanda magetsi, kapena tinyamule kasola?