Kodi contra ndi square dance ndi gule mmodzi? Nanga anachokera kuti?

Kamtedza:

Moni akuluakulu nonse. Ndili pa sukulu kuno ku Massachusetts, ndipo mnzanga wa m'kalasi wakhala akundikokera ku gule wina amene amamutcha contra. Amavinira m'kaholo kamatabwa Loweruka madzulo. Oimba amakhala atatu, wa vayolini, wa piyano ndi wa gitala. Ndiye pamakhalanso mayi wina pa maikolofoni amene saimba ayi, ntchito yake ndi kungouza anthu zochita: gwiranani manja anayianayi, zungulirani kumanzere, bwerera kwa mnzako. Timaima m'mizere italiitali, ndipo pomwe nyimbo izitha umapezeka wavina ndi aliyense wa mumzerewo, kuphatikizapo agogo a imvi mbuu amene amakuzunguza mpaka kuona chizumbazumba.

Nditawafotokozera mayi a nyumba imene ndimachita lendi anangoti, "Aa, square dance imeneyo, tinkaphunzira ku pulayimale." Mnzanga uja wakanitsitsa kuti si zimenezo. Ndiye kusiyana kwake kuli pati? Chachiwiri, m'holomo munthu wakuda ndimakhala ndekha, ndipo wina anandiuza kuti guleyu ndi wa azungu wochokera ku England basi. Kodi n'zoona?

Mdala wa ku Keene:

Mphwanga Kamtedza, mayi a nyumbawo ndi mnzakoyo onse agwira mbali yake. Magule awiriwa ndi a mimba imodzi koma anakulira kosiyana. Mu square mumakhala anthu 8, awiriawiri kumbali zinayi, ndipo gule yense umathera ndi anthu omwewo. Mu contra mzere ulibe malire, ukhoza kutalika mpaka kukagunda khoma, ndipo iwe ndi mnzako mumavina ndi awiri ena kenako n'kusunthira kwa otsatira.

Zolembedwa zimayambira ku London mu 1651. John Playford, wosindikiza ndi kugulitsa mabuku a nyimbo, anatulutsa buku lotchedwa The English Dancing Master. Munali magule 105, aliyense ndi nyimbo yake ndi kavinidwe kake. Ena anali ozungulira, ena a mbali zinayi, ena a mizere. Bukulo linayenda malonda moti ankalisindikizabe mobwereza mpaka cha m'ma 1728, ndipo pofika nthawi imeneyo magule a mizere ndi amene anali atadzaza bukulo. Ankawatcha country dance, koma usaganize kuti ogula anali alimi. Anali anthu a m'tauni okhala ndi kangachepe m'thumba, monga anyamata ophunzira zamalamulo ku London.

Kenako Afalansa anatengeka nawo. Cha m'ma 1680 mphunzitsi wa magule André Lorin anapita ku England n'kukalemba magulewa kuti akawaonetse ku nyumba ya mfumu Louis XIV, ndipo mu 1706 Raoul-Auger Feuillet anasindikiza buku lawo ku Paris. Kumeneko ankati contredanse, ndipo dzina loti contra linabadwira pomwepo. Koma Afalansa anakondetsa kuima mbali zinayi, ndiye anapanga cotillon, pambuyo pake quadrille. Quadrille inalowa m'maholo apamwamba a ku London cha m'ma 1815, inafikanso ku America, ndipo imeneyo ndiye gogo wake wa square. Tchera khutu Loweruka likubwerali. Mayi wa pa maikolofoniyo akamati promenade, allemande, do-si-do, akuyankhula Chifalansa chimene chatha zaka 200 chikutafunidwa ndi Amereka.

Mmene waltz ndi polka zimatchuka m'zaka za m'ma 1800, anthu a m'mizinda anayamba kuona magule a mizere ngati achikale. Anapulumukira m'midzi ya kumapiri kuno ku New Hampshire ndi ku Vermont. Nyengo yachisanu alimi ankatulutsa mipando ndi tebulo m'khitchini, wa vayolini n'kumukhazika pakona, gule n'kuyamba mpaka usiku. Ena ankavinira m'maholo a tauni. Ralph Page, wobadwa mu 1903 kufupi ndi Nelson, katauni ka kuno ku New Hampshire, anayamba kutsogolera magule mu 1930 ndipo ndi amene anawabwezera ku Boston. Pambuyo pake Dudley Laufman ndi gulu lake la Canterbury Country Dance Orchestra anakopa achinyamata a m'ma 1960 ndi 1970, aja atsitsi lalitali ovina opanda nsapato, amene akuluakulu a nthawiyo ankawayang'ana cham'mbali. Agogo amene amakuzunguzawo ndi omwewo, angokula. Ku Nelson amavinabe Lolemba madzulo m'holo ya tauni. Pansi pake mpopendekeka pang'ono, moti mzere wonse umatsetserekera mbali imodzi osadziwa.

Ukapitanso uwerenge masitepe. Pafupifupi gule aliyense wa contra ali ndi masitepe 64, zigawo 4 za masitepe 16, ndipo nyimbo nayo ndi yotalika chimodzimodzi. Nyimbo ikabwerera poyambira, iwe uli kale pamaso pa anthu atsopano. Ukangogwira zimenezi, mapazi amayamba kudziwiratu okha.

Ine mtima wanga uli pa magule akale monga Chorus Jig, Money Musk ndi Hull's Victory, amene dzina lake limakumbukira Isaac Hull, woyendetsa sitima yankhondo ya Constitution imene inagonjetsa sitima ya Angerezi mu 1812. M'magule amenewa theka la anthu limangoima kudikira pamene ena akutsika pakati pa mzere. Kuyambira m'ma 1970 anthu ngati Ted Sannella wa ku Boston anayamba kupeka magule oti aliyense azingoyendayenda osapuma, ndipo masiku ano ambiri ndi otero. Achinyamata amati akalewo amagwetsa ulesi. Ine ndi mawondo angawa ndimati kudikirako n'kumene munthu umapumira, n'kufunsa mnzako dzina.

Nachisale:

Amalume a ku Keene afotokoza bwino za ku Ulaya, koma funso lachiwiri lija alilambalala. Achimwene a Kamtedza, amene anakuuzani kuti guleyu ndi wa azungu basi sanakuuzeni zonse.

Taganizirani za mayi wa pa maikolofoni uja. Ku England ndi ku France kunalibe munthu wotere. Kumeneko unkalipira mphunzitsi wa magule, n'kuloweza kavinidwe konse usanapite ku phwando, ndipo ukasokoneza manyazi anali ako. Zoti wina aziima n'kumafuulira ovina zochita gule ali m'kati zinayambira ku America, ndipo zolembedwa zoyambirira zimaloza kwa oimba akuda. Mu 1819 Benjamin Latrobe, katswiri wojambula mapulani a nyumba, anali pa gule ku New Orleans ndipo analemba modandaula za munthu wakuda wa m'gulu la oimba amene ankafuula kavinidwe. Kwa iye chinali chachilendo ndiponso chonyansa. Lero popanda munthu ameneyo palibe contra, palibe square.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. M'minda ya akapolo kum'mwera, oimbira azungu pa maphwando awo kawirikawiri anali akapolo. Solomon Northup, amene anabedwa n'kugulitsidwa ukapolo ku Louisiana, anafotokoza m'buku lake la mu 1853 momwe ankamubwerekera kukaimba vayolini pa magule. Oimbawa ankaona kavinidwe konse ali pa mpando wawo. Akabwerera kwa anzawo, amene sakanapita kwa mphunzitsi wa magule, njira inali yowauza pakamwa gule akuyenda. Banjo nayo, imene mumaimva m'magule a kumapiri a Appalachia, inapangidwa ndi akapolo potengera zoimbira za kumadzulo kwa Africa. Phil Jamison wa kuno ku North Carolina, yemwe ndi wovina komanso wofuulira magule, anafufuza zonsezi n'kuzilemba m'buku la mu 2015 lotchedwa Hoedowns, Reels, and Frolics.

Nanga mbiriyi inasowa bwanji? China mwa zifukwa ndi Cecil Sharp, Mngerezi wosonkhanitsa nyimbo ndi magule akale, amene anayambitsa English Folk Dance Society mu 1911. Mu 1917 iye ndi Maud Karpeles anaona gule wothamanga kwambiri pa sukulu ya Pine Mountain ku Kentucky. Sharp anasangalala n'kulengeza kuti wapeza gule wakalekale wa ku England, woposa wa Playford kukalamba, amene wasungika m'mapirimo osakhudzidwa. Anaona zimene ankafuna kuona. Kuomba m'manja ndi kuponda pansi kumene kunkaperekeza gule uja, ngakhalenso kufuulira komweko, zinali ndi mizu ina imene iye sanaifufuze. Koma poti anali munthu wotchuka, mawu ake ndi amene analowa m'mabuku.

Ndiye kunabweranso Henry Ford wa magalimoto uja, amene ankadana ndi jazz ndipo nyuzipepala yake ya Dearborn Independent inkanena kuti nyimbozo ndi chiwembu cha Ayuda. Anathira ndalama zambiri polimbikitsa magule akale monga mankhwala a jazz. Pofika pamenepo guleyu anali atavekedwa nkhope ya mzungu.

Choncho mukalowa m'holomo musamadzione ngati mwalowerera mwambo wa eni.

Make Tadala:

Ine ndili ku England, ndiye ndingowonjezera za kuno. Magule a Playford akadalipo, anthu amavinabe m'timagulu, koma modekha, kuyenda mwaulemu ngati uli pa ukwati wa mfumu. Sharp yemweyo ndi amene anawafukula m'mabuku akale. Amene munawerengako Pride and Prejudice ya Jane Austen mukukumbukira kuti Elizabeth ndi Darcy amakambirana nkhani yaitali ali m'kati movina. Zinkatheka chifukwa cha kudikira mumzere kumene amalume akukutamako. Mnyamata ndi mtsikana analibe mpata wina woyankhulana makolo osamva.

Zofanana ndi contra yanuyo pa phokoso ndi thukuta kuno ndi ceilidh, imene imachitika kwambiri pa maukwati. Nakonso masiku ano kumakhala wofuulira. A ku Scotland ali ndi bungwe lawo kuyambira 1923, ndipo kumeneko amasamala ngakhale kaloza ka chala cha kuphazi.

Achemwali a Nachisale, mwaiwala zisumbu za Caribbean. Quadrille yomweyo inakhazikika ku Jamaica, ku Dominica ndi ku Saint Lucia, ndipo ovina ake kumeneko ndi zidzukulu za akapolo. Ku Cuba contradanza inabala danzón.

Kamtedza:

Zikomo kwambiri nonse, ndaphunzira zambiri. Komabe amalume, nanga zoti mayi a nyumba anaphunzira square ku pulayimale zinabwera bwanji? Ndi Ford yemweyo? Ndaonanso pa YouTube anthu ovala masiketi otukumuka ndi malaya a makaubowi akuvina square, koma sizikufanana n'komwe ndi zathu zija.

Mdala wa ku Keene:

Ford ali nayo mbali, mphwanga, koma pamenepa ndisiyana pang'ono ndi a Nachisale. Za chidani chake ndi Ayuda sindikutsutsa, zinalembedwa poyera. Koma anthu amamupatsa mphamvu zoposa zimene anali nazo. Magule achikhalidwe anali atalowa kale m'sukulu iye asanayambe. Elizabeth Burchenal ankawaphunzitsa kwa atsikana a m'sukulu za ku New York kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, pofuna kuti ana azilimbitsa thupi. Chimene Ford anachita ndi kuthirapo ndalama. Anatenga mphunzitsi wa magule Benjamin Lovett ku Massachusetts n'kupita naye kwawo ku Dearborn, ku Michigan, anatulutsa buku la Good Morning mu 1926, ndipo mu 1937 anatsegula holo yokongola imene anaitcha Lovett Hall. Magule akewo anali ma quadrille aulemu, ovina atavala mataye.

Za makaubowizo zinachokera kwa munthu wina, Lloyd Shaw, mkulu wa sukulu ya Cheyenne Mountain ku Colorado Springs. Iyeyu ankayendera okalamba a m'midzi ya kumadzulo kulemba mawu amene ankafuulira pa gule, n'kutulutsa buku la Cowboy Dances mu 1939. Ankayenda ndi ana a sukulu yake m'mizinda kuonetsa magulewo, ndipo aphunzitsi ankapita kwa iye kukaphunzira nthawi ya tchuthi. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha square inafalikira ngati moto wolusa. Maikolofoni ndi malekodi zinathandiza, chifukwa munthu mmodzi akanatha kuvinitsa holo yonse popanda gulu la oimba. Mphunzitsi wa masewera pa sukulu ankangoika lekodi basi, ndipo ndikukhulupirira kuti mayi a nyumbawo anakumana nayo motero.

Amene waona pa YouTube ndi a m'makalabu a modern western square dance. Kumeneko sungangolowa ngati mmene unachitira iwe. Umayamba wapita ku maphunziro kwa miyezi kuti uloweze mayina a kavinidwe, chifukwa wofuulira amasakaniza mmene wafunira nthawi yomweyo, ovina osadziwa chimene chikubwera. Bungwe la ofuulira lotchedwa Callerlab, limene linachita msonkhano wake waukulu woyamba mu 1974, linaika mayinawo m'magawo, Mainstream, Plus ndi ena ovutirapo, kuti wovina wa ku Texas akafika ku Germany kapena ku Japan amve zomwezo. Ku Japan komweko amafuulira m'Chingerezi. Makalabuwa analimbikiranso kwa andale mpaka mu 1982 nyumba ya malamulo ya Congress inavomereza square kukhala gule wa dziko kwa zaka 1982 ndi 1983 zokha. Kuti zikhale zamuyaya zinakanika, ndipo ena mwa otsutsa anali akatswiri a zachikhalidwe amene ankati dziko la mitundu yambiri chonchi silingasankhe gule mmodzi.

Square yakumudzi, ya oimba enieni ndiponso yosafuna maphunziro, ikadalipo. Kumene kuli a Nachisale ndiye kwawo kwake, ndipo ofuulira ena a contra amaponyamo imodzi pakati pa usiku. Wapemphe mayi wa pa maikolofoni uja nthawi yopuma. Ena mwa ovina adzang'ung'udza chifukwa amene wasowa gulu la anthu 8 amakhala pansi, koma pempha basi. Ndipo upeze nsapato za pansi posalala zimene sunayende nazo panja, chifukwa timiyala timakanda matabwa ndipo osamalira maholo amenewa sasekerera zimenezo.