Zimene zinachitika pa funso langa la mauthenga a ligi ya mpikisano wa magalimoto apakompyuta

Ndikuthokoza nonse amene munandiyankha pamene ndinafunsa njira yoti zotsatira za ligi yathu ya masewera a Assetto Corsa Competizione zizifika zokha pa Discord, pulogalamu imene timachezerapo pa intaneti, ine osazilemba pamanja mpikisano ukatha. Ambiri munalangiza kupanga bot (pulogalamu yochita zinthu yokha pa Discord), koma ndinatsatira amene munati webhook (adiresi yapadera yotumizira mauthenga m'chipinda cha Discord) ndi yokwanira, popeza ife timangotumiza mauthenga, sitifuna makina oyankha mafunso a mamembala.

Seva ya masewerawa imasunga zotsatira m'fayilo ya mtundu wa JSON, choncho ndinalemba pulogalamu yaing'ono m'chinenero cha kompyuta cha Python imene imawerenga fayilo yatsopano ikangofika, n'kusanja oyendetsa malinga ndi malo amene amaliza, kenako n'kutumiza ku webhook. Tsopano zotsatira zimaoneka ena asanavule n'komwe zomvera m'makutu.

Wofuna kuchita chimodzimodzi adziwe kuti uthenga wamba wa Discord supitirira zilembo 2,000, kotero oyendetsa akachuluka mndandanda uyenera kugawidwa pawiri. Nthawi yoyambira mpikisano ndi bwino kuilemba ngati Unix timestamp (chiwerengero cha masekondi kuyambira pa 1 Januwale 1970) m'kalembedwe ka <t:nambala>, chifukwa mukatero Discord imaonetsa aliyense nthawi ya dziko limene ali, ndipo kwa ife zimenezi zinathetsa madandaulo a ofika mochedwa. Adiresi ya webhook musaiike poyera, pakuti aliyense woipeza angathe kutumiza uthenga m'chipinda chanu.

Zilango za ogundana mumsewu sindinazisiyire makina, ndipo sindikuona kuti n'koyenera kutero. Oweruza amayamba aonera kanema wa mpikisano, motero uthenga woyamba umanena kuti zotsatirazo sizinatsimikizidwe kufikira iwo atagamula.